Ekala ya amayi aja

## Chiganizo chimene ndinalemba

M'lipoti limene ndinapereka chaka chija munali chiganizo chimodzi chimene mpaka lero chimandibwererabe ndikakhala ndekha. Ndinalemba kuti palibe kusiyana kwenikweni pakati pa kukula kwa munda kumene mlimi watchula ndi pakamwa, ndi kukula kumene GPS, kamakina koyezera malo pogwiritsa ntchito masetilaiti, yayeza. Ndinalemba mosakayika, chifukwa pa kusiyanako kompyuta inali itandipatsa nambala yoyandikana kwambiri ndi ziro.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ya deta ku bungwe lina laling'ono la zaulimi pa boma la Kasungu. Achinyamata athu ofunsa mafunso anayenda m'midzi ya cha ku Santhe ndi ku Chamama atanyamula matabuleti ndi timakina ta GPS. Pa banja lililonse ankayamba afunsa kuti munda wa chimanga ndi waukulu bwanji. Akalemba yankho, ankapita ndi mwini munda kukazungulira malire. Akuluakulu a bungwe ankafuna kudziwa chinthu chimodzi: kodi chaka chamawa tingasiye kuzungulira mindaku? Kumadya nthawi, kumadya mafuta a njinga zamoto, ndipo tsiku lotentha munthu sangazungulire minda yambiri. Ngati pakamwa pa mlimi pakufanana ndi makina, ndalamazo zikanapita kwina.

Posankha mabanja, tinachita dala kuti alimi a minda ikuluikulu achuluke mu sampulo, gulu la mabanja amene tinawasankha kuti afunsidwe. Panali chifukwa chomveka. Bungwe linkafuna kumva za alimi a fodya amene ayamba kulowa mu soya ndi mtedza, ndipo tikanangosankha mwachisawawa tikanapeza ochepa kwambiri. Chifukwa cha ichi, kumapeto kwenikweni kwa fayilo kunali mzere wa manambala wolembedwa kuti weight, wonena kuti banja lililonse likuimira mabanja angati. Ndinkaudziwa. Ndinaugwiritsa ntchito pa matebulo a zokolola. Koma pofika pa funso la pakamwa ndi makina, ndinadziuza kuti iyi ndi nkhani ya muyeso, si nkhani ya chiwerengero cha anthu, ndiye weight alowapo bwanji? Nditayesabe kumuika mu lamulo la ttest, loyesera ngati zinthu ziwiri zikusiyanadi, Stata, pulogalamu ya pakompyuta yowerengera deta, inalemba zofiira kuti siilola. Ndinamuchotsa, lamulo linayenda, ndinakopera nambala ija n'kuika mu lipoti.

## Pansi pa mtengo wa mango

Mwezi wa Okutobala tinapita kukauza alimi zimene tinapeza. Dzuwa linali loswa mtengo, anthu anakhala pansi pa mango awiri, amayi pa mphasa, abambo pa njerwa ndi pa mabenchi a kutchalitchi. Nditafika pa mfundo ija ndinanena mokondwa kuti tapeza kuti alimi akuno mumadziwa bwino kukula kwa minda yanu. Anthu anaomba m'manja.

Alangizi a zaulimi a deralo, bambo achikulire amene apalasa njinga m'midzi imeneyi zaka zambiri, sanaombe nawo. Anadikira kuti phokoso lithe, kenako anavula chipewa.

"Achimwene, mundikhululukire, ndifunseko. Mwa anthu amene munawafunsawo, a maekala asanu kupita m'mwamba analipo angati?"

Ndinayankha kuti pafupifupi theka.

"Theka?" Anatembenukira kwa anthu. "Amene muli ndi maekala asanu pano, taimikani mkono."

Pa khamu lonse lija panaimikidwa mikono itatu, umodzi mwa iyo wa amfumu.

"Mwaona, achimwene. Aakuluwa ine ndimawadziwa, ukawafunsa amachepetsa. Aang'onowa amachulukitsa, aliyense amangoti ekala, ekala. Inu mwawaika pa sikelo theka uku theka uku, ndiye sikelo yaima pakati. Koma mudzi suli theka uku theka uku."

Sindinapeze choyankha. Ndinali ndi pepala m'manja, ndipo ndinkadziwa kuti zimene bambowa anena ndi zimene zinalembedwa mu mzere uja ndinauchotsa.

Pamenepo amayi ena amene anakhala kumapeto kwa mphasa, atabereka mdzukulu, analankhula osaimirira. "Ine ndinawauza ana aja kuti ekala. Atazungulira anangoyang'anizana, osandiuza kanthu. Mpaka lero sindidziwa kuti anapeza chiyani."

Msonkhano utatha ndinawapempha kuti tipite limodzi kumundako.

## Malire

Munda unali kuseri kwa manda, mphindi ngati khumi ndi zisanu pa wapansi. Anali atagalauza kale mbali ina, mizere yatsopano itauma pamwamba. Ndinayatsa GPS, ndinadikira kuti igwire bwino, tinayamba pa chulu chimene chinali pakona. Iwo patsogolo, ine pambuyo. Tinadutsa pa mzere wa nandolo, tinakhota pa chitsa cha msuku, tinatsika mpaka pa kanjira ka ng'ombe, n'kubwereranso pa chulu. Kamakina kanaonetsa 0.6.

Ndinawauza kuti mundawu wapitirira theka la ekala pang'ono.

Anakhala chete kanthawi, akuyang'ana mzere wa nandolo uja. Kenako anati, "Sindinaname ine, mwanangu. Amayi anga pondipatsa anati ekala. Inalidi ekala, inkafika pa mtengo uwo. Mng'ono wanga atabwerako ku ukwati tinadula, nandoloyu ndinabzala ine kuti ana asadzakangane. Koma dzina lake silinasinthe. Timangoti ku ekala."

Mawu amenewa ndi amene sandichoka. Ine pa kompyuta ndinkaona mzere wolembedwa kuti kukula kwa munda, ndipo ndinkaganiza kuti mlimi akuyeza ndi maso n'kuphonya pang'ono, wina m'mwamba wina m'munsi, monga zimakhalira ukamaponya mwala. Koma amayiwa sankayeza. Ankatchula dzina la munda. Kuno kwathu malo amagawidwa m'banja mbadwo ndi mbadwo, munda umachepa koma dzina limatsala. Pa mndandanda wa zipangizo zotsika mtengo palibe amene amalembetsa 0.6. Wa ganyu naye mumagwirizana mtengo potchula ekala kapena theka. Anthu amati ekala ndi mapazi oyenda 70 uku ndi 70 uku, koma ndani amawerenga mapazi pa munda umene anabadwa akuulima? Choncho kuphonyaku sikumwazikana mbali zonse. Kwa a minda yaing'ono kumapendekera mbali imodzi, m'mwamba.

Ndipo izi sizinali zachilendo kwa ine. Ofesi ya National Statistical Office ku Zomba, mothandizana ndi World Bank, yakhala ikuyeza minda ndi GPS mu kafukufuku wa mabanja wa dziko lonse wotchedwa IHS kuyambira wa 2010/11, ndipo ofufuza amene anafananiza mayankho a alimi ndi GPS, kuno ndi m'mayiko ena a mu Africa, anapeza zomwezi: minda yaing'ono imanenedwa mokulitsa, ikuluikulu mochepetsa, ndipo mayankho amaunjikana pa theka, pa ekala imodzi, pa ziwiri. Ndinali nditawerengapo. Koma nditaona ziro wanga uja ndinapeza msanga chifukwa chomukhulupirira. Ndinati alimi a ku Kasungu anazolowera kuyezedwa minda chifukwa cha fodya, n'chifukwa chake saphonya.

## Banja limodzi likuimira angati

Weight si chinthu chovuta kumva. Ndi nambala yonena kuti banja lililonse limene tinalifunsa likuimira mabanja angati m'dera lonse. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, oposa 840,000 mu Kasungu mokha, koma IHS ya 2019/20 inafunsa mabanja ongopitirira 11,000. Mabanja amenewo sanali ndi mwayi wofanana wosankhidwa, n'chifukwa chake fayilo iliyonse imabwera ndi weight wake.

Tiyerekeze ndi manambala osavuta, ongopangira chitsanzo. Dera lili ndi mabanja 1,000. Mwa awa, 900 ali ndi minda yaing'ono, 100 ikuluikulu. Inu mwafunsa 50 uku ndi 50 uku. Ndiye kuti wa munda waung'ono aliyense akuimira mabanja 18, pomwe wa munda waukulu akuimira 2 okha. Tinene kuti aang'ono akuchulukitsa ndi 0.2 ya ekala, aakulu akuchepetsa ndi 0.2 yomweyo. Mukaphatikiza anthu 100 aja osaganizira weight, zonse zimadyana, mutsala ndi ziro. Mukaika weight, mupeza 180 kuchotsa 20, kugawa ndi 1,000, yomwe ndi 0.16. Deta ndi yomweyo, mayankho ndi omwewo, koma ziro uja wapita.

Ndiponso 0.2 si chinthu chimodzi kwa onse. Pa munda wa maekala asanu ndi kachidutswa. Pa munda wa 0.6 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mundawo.

Apa ndi pamene ndinamvetsa kulakwa kwa maganizo anga aja oti muyeso sukhudzana ndi chiwerengero cha anthu. Zikanakhala zoona kuphonya kukanakhala kofanana kwa aliyense. Koma ngati kuphonya kukutsatira kukula kwa munda, ndipo kukula kwa munda komweko ndi kumene tinagwiritsa ntchito posankha anthu, ndiye kuti kasankhidwe kathu kalowa m'kati mwa yankho.

## Usiku uja pa laputopu

Ndinafika kunyumba kutada, magetsi atathima, laputopu ili ndi moto wa maola awiri. Sindinadye kaye.

Lamulo la ttest sililandira weight wa kafukufuku, ndipo kukana kwake kuja kunali kundiuza kuti ndagwira chida cholakwika. Njira yake ndi ina. Ndinapanga mzere watsopano, yankho la mlimi kuchotsa yankho la GPS, banja ndi banja. Kenako ndinaiuza Stata mmene sampulo inasankhidwira, kudzera mu svyset: midzi imene tinayamba kusankha, magulu amene tinagawa alimi, ndi weight ngati pweight, dzina limene Stata imapatsa weight wa kafukufuku wotere. Zitatero ndinaitanitsa avereji ya mzere watsopano uja ndi lamulo la svy kutsogolo, n'kuyesa ngati ikusiyana ndi ziro. Ogwiritsa ntchito pulogalamu ina yotchedwa R amachita zomwezi ndi phukusi la survey limene analemba Thomas Lumley, poyamba ndi svydesign kenako svymean kapena svyttest.

Nambala inatuluka pamwamba pa ziro, ndipo malire onse awiri a pamene yankho lenileni lingagwere anali pamwamba pa ziro. Nditagawa alimi m'magulu a kukula kwa munda, zinaoneka monga ananenera alangizi aja, mzere ndi mzere.

Pali zinthu zingapo zimene ndinapunthwa nazo usiku umenewo ndi masiku otsatira, ndipo ndikuona anzanga akupunthwabe nazo. Choyamba ndi mtundu wa weight. Stata ili ndi mitundu ingapo, ndipo ena akaona pweight yakanidwa amangosintha n'kuika mtundu wina wotchedwa aweight kuti lamulo lidutse. Avereji imatuluka yomweyo, n'chifukwa chake munthu amaganiza kuti zatheka. Koma standard error, nambala yosonyeza mmene yankho lingasinthire ukasankha sampulo ina, imakhala yolakwika, ndipo poyesa ngati kusiyana kulipodi, standard error ndiye mwini nkhani. Ukaika mtundu wotchedwa fweight ndiye zimaipiratu, chifukwa kompyuta imaganiza kuti unafunsadi anthu 1,000 pamene unafunsa 100.

China ndi midzi. Mabanja a mudzi umodzi amafanana. Malo awo anagawidwa mofanana, ganyu amalipira mofanana, ndipo kawirikawiri anafunsidwa ndi munthu mmodzi, amene ali ndi kafunsidwe kake ndi kayendedwe kake pa malire. Wina amazungulira chulu, wina amachidula pakati. Ukapanda kuiuza kompyuta za midzi, imatenga mabanja khumi a mudzi umodzi ngati mboni khumi zosadziwana, n'kukupatsa chitsimikizo chimene ulibe. Ndipo pofuna kuona gulu limodzi lokha, monga mabanja otsogoleredwa ndi amayi, njira yoyenera mu Stata ndi subpop, yosankhira gulu osataya ena, osati kudula ena onse ndi if, kuti kompyuta izionabe kapangidwe konse ka sampulo. 

Chimene chinandiwawa n'chakuti malire a yankho anatambasuka. Weight wosiyanasiyana amadya mphamvu ya sampulo. Leslie Kish, katswiri wa kasankhidwe ka sampulo, anapereka njira yachidule yoyerekezera kutayikaku, ndipo mukaiika pa chitsanzo chathu chija cha 18 ndi 2, mabanja 100 aja amakhala ndi mphamvu ngati ya mabanja 61 okha. Ndikumvetsa chifukwa chake anthu ena amauzemba mzere wa weight umenewu. Tebulo lopanda weight limaoneka laukhondo, manambala ake othina bwino. Koma limakamba za mudzi umene kulibe.

## Zimene weight sachiza

Mnzanga wina wa mu ofesi, amene anaphunzira zachuma, anatsutsana nane sabata yonse, ndipo sindinganene kuti analibe mfundo. Iye ankati ukamapanga regression, njira yoonera mmene chinthu chimodzi chimasinthira potsatira zina, ndipo waikamo zonse zofunika, kuphatikizapo kukula kwa munda, weight safunika kwenikweni, amangokulitsa standard error. Pa mafunso ena akunena zoona. Ngati funso ndi loti kuphonya kumasintha bwanji munda ukamakula, ukhoza kuyandikira yankho popanda weight. Koma funso limene akuluakulu anatifunsa silinali limenelo. Anafunsa ngati alimi a m'dera lathu, onse pamodzi, tingawadalire pakamwa. Limenelo ndi funso la anthu onse, ndipo silingayankhidwe ndi sampulo yopendekeka. Tinamaliza pogwirizana kuti tiziyendetsa zonse ziwiri, ya weight ndi yopanda. Zikasiyana kwambiri, tisasankhe imene yatikomera, tifufuze chimene tasiya kunja.

Komanso weight sakonza yankho la munthu. Amayi aja ananena ekala, ndipo ngakhale muwachulukitse ka 18 idzakhalabe ekala yolakwika, yangochuluka. Chimene weight amachita ndi kuonetsa kuti kulakwikako n'kofala bwanji. Kukonza kwake kuli kumunda, pa malire.

Pali bowo lina limene limandidetsa nkhawa kuposa onsewa. Si minda yonse imene inayezedwa. Ya kutali, yobwereka kutsidya kwa mtsinje wa Bua, madimba a kudambo, ina achinyamata athu sanafikeko chifukwa dzuwa linali litapendeka. Minda yotsalayo siinatsale mwangozi, inatsala chifukwa ndi yakutali, ndipo weight amene tinali naye anapangidwa poganiza kuti banja lililonse layezedwa. Mzere wa kusiyana uja umangokhalapo pamene pali manambala onse awiri, ena onse kompyuta imawataya mwakachetechete. Ndinaphunzira kuwerenga kaye kuti atayika angati, ndipo ndi otani, ndisanayang'ane p-value, nambala imene timayesera nayo ngati kusiyana kulipodi.

GPS nayo si mngelo. Pa kamunda kakang'ono kwambiri, kusokonekera kwa mamita ochepa kumakhala gawo lalikulu la yankho, ndipo pansi pa mitengo yowirira kamakinako kamavutika kugwira. Njira yakale ya chingwe ndi kampasi ndi imene akatswiri amayezera nayo GPS yomweyo, koma imatenga nthawi yaitali. Mu lipoti lachiwiri sindinalembenso kuti kukula kwenikweni kwa munda. Ndinalemba kuti kukula kumene GPS inayeza.

## Matumba asanu ndi limodzi

Lolemba m'mawa ndinapita kwa abwana ndi mapepala awiri, lakale ndi latsopano, n'kuwapempha kuti lipoti libwezedwe. Anandifunsa ngati deta yasintha. Ndinati ayi, chimene chasintha n'chakuti tsopano banja lililonse lawerengedwa molingana ndi mabanja amene likuimira. Anayang'ana mapepala aja nthawi yaitali, chifukwa ndalama za GPS zinali zitachotsedwa kale mu bajeti ya chaka chotsatira. Zokambirana zinatenga masabata. Pamapeto pake timakina tija tinatsala.

Koma panali chinthu china chimene ndinachipeza pobwereza matebulo, ndipo ndi chimene chinandibwezera kumudzi kuja. Zokolola pa ekala tinkazipeza pogawa matumba ndi kukula kwa munda kumene mlimi wanena. Amayi aja anakolola matumba 6 a makilogalamu 50. Pa ekala imodzi, amenewo ndi matumba 6, ndipo tebulo lathu linawaika m'gulu la alimi osachita bwino, ofunika kuphunzitsidwa kasamalidwe ka mbewu. Pa munda wa 0.6, matumba omwewo akufanana ndi matumba 10 pa ekala. Amayiwa ankalima bwino kuposa ena amene tinkawatchula kuti alimi achitsanzo. Vuto lawo silinali luso, linali malo. Ndipo malangizo onse a mbewu ndi feteleza amene ankalandira anali owerengedwa pa ekala yathunthu, imene inatha tsiku limene anabzala nandolo uja.

Ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde, mvula yoyamba itagwa dzulo lake. Alangizi aja anandiperekeza. Ndinawafotokozera za matumba 6 ndi matumba 10, pang'onopang'ono, ndikujambula ndi kamtengo pa dothi lonyowa. Anamvetsera osasiya kusenda. Nditamaliza anapukuta manja pa chitenje, n'kuitana mdzukulu wamkulu kuti abweretse kope lake la kusukulu.

"Mundilembere nambala ija apa, mwanangu. Ya munda, osati ya matumba. A ganyu akubwera Lachinayi."

Ndinalemba 0.6 pa tsamba lomaliza la kopelo. Alangizi anatenga cholembera n'kuwonjezera m'munsi mwake kuchuluka kwa mbewu yokwanira malo amenewo, ndipo amayi aja anang'amba tsambalo mosamala, analipinda kanayi, n'kulimanga pa nsonga ya chitenje.